Georg Ohm

Georg Simon Ohm (16 Malichi 1789 – 6 Julaye 1854) anali mphunzitsi wa masamu komanso katswiri wa sayansi wa ku Germany. Amadziwika chifukwa cha lamulo lofotokoza kayendedwe ka magetsi mu waya, lotchedwa lamulo la Ohm. Dzina lake limalembedwa kumbuyo kwa masipika ndi ma amplifaya, nthawi zambiri ngati chizindikiro cha Ω.

Ubwana ndi maphunziro

Ohm anabadwira mu mzinda wa Erlangen. Bambo ake, Johann Wolfgang Ohm, anali mmisiri wa maloko. Sanapite patali ndi sukulu, koma ankawerenga okha mabuku n'kumaphunzitsa ana awo masamu ndi sayansi kunyumba. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 10. Mwa ana 7 a m'banjamo, atatu okha ndi amene anakula. Mng'ono wake Martin anadzakhala katswiri wa masamu.

Mu 1805 Ohm analowa yunivesite ya Erlangen, koma ankataya nthawi ndi madansi ndi masewera. Bambo ake atakwiya anamutumiza ku Switzerland, kumene anayamba kuphunzitsa masamu mu 1806. Anabwerera ku Erlangen n'kulandira digiri ya udokotala mu 1811.

Ntchito ndi kafukufuku

Ataphunzitsa ku Bamberg, mu 1817 anapeza ntchito pa sukulu ina ya sekondale ku Cologne yomwe inali ndi zipangizo zabwino za sayansi. Kumeneko ndi kumene anayamba kufufuza za magetsi. Mabatire a nthawi imeneyo sankatulutsa mphamvu yokhazikika, choncho Ohm analumikiza zitsulo ziwiri, kopa ndi bismuth, mbali imodzi n'kuiika m'madzi owira, inayo mu ayezi. Akatero ankapeza magetsi osasinthasintha, ndipo ankawadutsitsa mu mawaya otalika mosiyanasiyana n'kumayeza ndi singano ya maginito.

Mu 1827 anasindikiza zimene anapeza m'buku lotchedwa Die galvanische Kette, mathematisch bearbeitet. Akatswiri ambiri a kwawo sanalilandire bwino. Ohm anasiya ntchito ya ku Cologne ndipo anakhala zaka zingapo ku Berlin akuphunzitsa ndi malipiro ochepa, mpaka anapeza malo ku Nuremberg mu 1833. Ulemu unachokera kunja: mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley.

Ohm anafufuzanso za mamvekedwe. Mu 1843 anafotokoza kuti khutu la munthu limagawa liwu la nyimbo kukhala timawu tambiri tosiyana kukwera kwake. August Seebeck anatsutsa maganizowa, koma pambuyo pake Hermann von Helmholtz anawapititsa patsogolo.

Lamulo la Ohm

Lamuloli limalumikiza zinthu zitatu. Voteji ndi mphamvu yokankha magetsi ndipo imayezedwa mu ma volt. Karenti ndi kuchuluka kwa magetsi oyenda mu waya ndipo imayezedwa mu ma ampere. Resistance ndi mmene chinthu chimatchingira magetsi kuti asadutse mosavuta, ndipo imayezedwa mu ma ohm. Mwachidule limalembedwa kuti V = I × R. Voteji ikakhala yomweyo koma resistance n'kuchepa ndi theka, karenti imawirikiza kawiri.

Kufunika kwake kwa oimba

Masipika ambiri amakhala a ma ohm 4, 8 kapena 16. Masipika awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa moyandikana pa malo amodzi otulukira mawu, amakhala ngati sipika imodzi ya ma ohm 4. Anayi amatsikira pa ma ohm 2. Amplifaya yopangidwira ma ohm 4 ikapatsidwa katundu wotere imatentha kwambiri ndipo ikhoza kupsa.

Ku Malawi magetsi a m'nyumba ndi a ma volt 230. Ma watt amapezeka pochulukitsa ma volt ndi ma ampere, choncho amplifaya yodya ma watt 460 imakoka ma ampere 2. Pulagi ya mano atatu imakhala ndi fyuzi yosapitirira ma ampere 13, kutanthauza ma watt pafupifupi 3,000 pa pulagi imodzi. Kumanga waya m'malo mwa fyuzi yakupsa kumachotsa chitetezo chimenechi ndipo kungayambitse moto.

Woimba wa kumudzi, mwachitsanzo ku Kaseye m'boma la Chitipa, akagwiritsa ntchito batire ya ma volt 12 ndi invita, amplifaya yomweyo imakoka ma ampere oposa 38 ku batire. N'chifukwa chake mawaya a pakati pa batire ndi invita ayenera kukhala onenepa ndiponso aafupi.

Thupi la munthu nalo limatsata lamuloli. Khungu louma limatchinga magetsi kwambiri, koma thukuta, mvula kapena kuponda pansi opanda nsapato kumachepetsa resistance, ndipo karenti yosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a ampere ikhoza kuimitsa mtima. Zingwe za gitala yamagetsi ndi chitsulo cha maikolofoni zimalumikizana ndi thupi la amplifaya. Dzino lalitali la pulagi, la earth, limapereka njira yachidule yoti magetsi otayika adutsemo n'kuwotcha fyuzi asanagwire munthu. Woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, Leslie Harvey, anafa ndi nyesi pa siteji ku Swansea pa 3 Meyi 1972 atagwira maikolofoni yopanda earth.

Imfa ndi chikumbutso

Mu 1849 Ohm anasamukira ku Munich, ndipo mu 1852 anakhala pulofesa wa fizikisi pa yunivesite ya mumzindawo, udindo umene ankaulakalaka kwa zaka zambiri. Sanakwatirepo. Anamwalira pa 6 Julaye 1854 ali ndi zaka 65 ndipo anaikidwa m'manda a Alter Südfriedhof ku Munich. Mu 1881 msonkhano wa akatswiri a zamagetsi a m'mayiko osiyanasiyana womwe unachitikira ku Paris unavomereza kuti muyezo wa resistance uzitchedwa ohm.