Ulendo wa Maphunziro wa Malemu Mbusa John Chilembwe

Mu 1897 a John Chilembwe anaoloka nyanja ndi a Joseph Booth, nakaphunzira ku Virginia Theological Seminary mumzinda wa Lynchburg ku America. Kumeneko anaona anthu akuda akuyendetsa okha masukulu ndi mipingo pakati pa tsankho, ndipo anazindikira kuti Mwafirika sanalengedwe kuti akhale kapolo wa munthu wina.

Atabwerera mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Ulemu wa munthu wakuda anauonetsa poyera ndi zovala zaudongo, zithunzi zimene anajambulitsa ndi akazi awo a Ida, ndiponso tchalitchi chachikulu cha njerwa.

Poukira Atsamunda mu 1915 anatumiza kalata kwa Ajeremani ku Tunduru, koma anaphedwa pa 3 February yankho lisanafike. Tchalitchicho Atsamunda anachigumula, komabe misiyoniyo inatsegulidwanso mu 1926.