William Koyi (1846-1886): Mlaliki Wopirira Pakati pa Angoni

William Koyi adabadwa m'chaka cha 1846 pakati pa Axhosa, m'dera la kum'mawa kwa Cape ku South Africa. Paubwana wake sadapondeko m'sukulu. Adakula akugwira ntchito ya ngolo, ndipo pambuyo pake adakalembedwa ntchito ku Port Elizabeth. Adatembenuka mtima ali wamkulu kale, nalowa sukulu ya Lovedale m'chaka cha 1871.

M'chaka cha 1876 Dr James Stewart, mkulu wa Lovedale, adapempha anthu odzipereka kuti akathandize mishoni ya Livingstonia, imene idali itangokhazikitsidwa ku Cape Maclear, m'mbali mwa Nyanja ya Malawi. Koyi adaimirira, navomera kuti maphunziro ake adali ochepa, koma kuti adali wokonzeka kutumikira ngakhale pa ntchito yotola nkhuni ndi yotunga madzi. Adasankhidwa pamodzi ndi Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapas Ntintili. Mayesero sadachedwe. Wauchope adadwala nabwerera kwawo, Mngunana adamwalira m'chaka cha 1877, ndipo patapita zaka zowerengeka Ntintili nayenso adabwerera. Mwa anayiwo, Koyi yekha ndiye adatsala.

Mphatso imene iye adaiyesa yaing'ono ndiyo Mulungu adaigwiritsa ntchito. Chilankhulo cha kwawo chidali pachibale ndi Chingoni, kotero kuti pamene Dr Robert Laws adapita kukaonana ndi Inkosi M'mbelwa m'chaka cha 1879, Koyi ndiye adali pakamwa pake ndi khutu lake. M'chaka cha 1882 adakakhazikika ku Njuyu, m'dera limene lero lili m'boma la Mzimba.

Apa ndipo padayambira zaka zowawa. Angoni adali kunyansidwa poona kuti mishoni idamanga ku Bandawe pakati pa Atonga, amene ambiri mwa iwo adali atathawa ulamuliro wa Angoniwo. Nduna zina zidali kuopanso kuti sukulu idzafooketsa anyamata pa nkhondo. Motero Koyi adaloledwa kukhala m'dzikomo ndi kulalikira pamalo pake, koma sukulu adamkaniza. Adali kuona magulu a nkhondo akupita ndi kubwera, moyo wake womwe uli pachiswe, ndipo James Sutherland, mnzake wa pa ntchito, adamwalira m'chaka cha 1885. Zaka zidapita popanda ndi mmodzi yemwe wobatizidwa.

Koyi sadathawire kunyanja, ndiponso sadayese kuthyola chitseko chimene chidali chotseka. Adali kukhala pabwalo ndi akuluakulu, kumva milandu yawo, kulemekeza mfumu monga mwa mwambo, ndi kuziziritsa mitima pamene mkwiyo udabuka pakati pa Angoni ndi amishoni. Kudikira kwake sikudali kupinda manja. Tsiku ndi tsiku adali kuchita gawo limene lidali lotheka, nasiyira Mulungu gawo limene iye sakadatha. Pa zaka zomwezo anyamata ena, ana a Kalengo Tembo, adayamba kubwera usiku mobisa kudzaphunzira kuwerenga.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Pa chiyambi cha chaka cha 1886 mvula idakana, ndipo Angoni adapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Dr Walter Elmslie, amene adafika ku Njuyu m'chaka cha 1885, adachititsa mapemphero pamodzi ndi Koyi, ndipo mvula idagwa. Patapita miyezi yochepa mfumu ndi nduna zake adalola kuti sukulu zitsegulidwe. Uthengawo udampeza Koyi ali gone pa mphasa ya imfa. Adaulandira ndi chiyamiko chonga cha Simeoni wokalamba uja m'Kachisi, ndipo adamwalira pa 4 June 1886, naikidwa ku Njuyu komweko.

Zokolola adatuta ndi ena. Mishoni ya Ekwendeni idatsegulidwa m'chaka cha 1889, ndipo m'chaka cha 1890 Mawelera ndi Makara Tembo, ena mwa anyamata a usiku aja, adakhala Akhristu oyamba kubatizidwa m'dziko la M'mbelwa. Mipingo yambiri ya m'boma la Mzimba idaphuka pa munda umene Koyi adauswa mphanje.

Mbiri imeneyi ili ndi mawu kwa abusa ndi akulu a mpingo amene aikidwa pa malo ouma, kumene chiwerengero sichikwera ndipo mtima ulakalaka kusamuka. Ukadakhala kuti utumiki uyesedwa ndi zipatso zooneka m'masiku a mtumikiyo, Koyi akadawerengedwa wolephera, pakuti sadaone sukulu kapena ubatizo pakati pa Angoni. Koma iye adakhala pamene adaikidwa kufikira Mwini munda adatsegula khomo pa nthawi yake. Chimene Ambuye afuna kwa mdindo ndicho kuti apezeke wokhulupirika, ndipo William Koyi adapezeka wotero.