Dag Hammarskjöld, mtumiki amene anabisa mapemphero ake

Usiku wa pa 17 kuchera pa 18 September 1961, ndege yotchedwa Albertina inawomba mitengo ndi kugwa m'nkhalango kufupi ndi Ndola. Masiku amenewo dziko la Zambia linkatchedwa Northern Rhodesia, ndipo ife tinali nalo m'chitaganya chimodzi. M'ndegemo munali anthu 16. Harold Julien yekha ndiye anapezeka akupuma, koma naye anamwalira patapita masiku owerengeka. Mwa akufawo munali a Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations.

Iwo anabadwa mu 1905 ku Sweden, m'banja lolemekezeka, pakuti bambo awo anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo. Anaphunzira zachuma ndi malamulo ku Uppsala, sanakwatire, ndipo akafuna kupumula ankapita kukayenda m'mapiri a kumpoto. Powasankha mu 1953, maiko amphamvu ankayesa kuti apeza kalaliki wofatsa amene sadzawavuta. Anadzinamiza. Mu 1955 munthuyu anapita yekha ku Peking kukapempha kuti asilikali a ndege a ku America amasulidwe, mu 1956 anakhazikitsa gulu lankhondo losungitsa mtendere pa mkangano wa Suez, ndipo mu 1960, Nikita Khrushchev atawauza pamaso pa maiko onse kuti atule pansi udindo, anakana, ponena kuti bungwelo likufunika kwambiri ndi maiko ang'onoang'ono.

Chimene ambiri ogwira nawo ntchito sankadziwa chinaululika maliro atapita. M'nyumba mwawo ku New York munapezeka zolemba za zaka zoposa 30, zimene zinasindikizidwa mu 1963 ndipo m'Chingerezi zimatchedwa Markings. Amene ankayembekeza zinsinsi za ndale sanapezemo kanthu. Muli munthu wolimbana ndi kunyada kwake, wodandaula za kusungulumwa, wobwerera ku Masalimo kawirikawiri ndi kusinkhasinkha za njira ya Yesu yopita ku mtanda. Ena kwawo ku Sweden anaipidwa nalo bukulo, akumati mwini wake ankadziyerekeza ndi Khristu. Ife sitikuona choncho. Tikuonamo wophunzira amene anawerengera mtengo wotsata Ambuye wake, nachita mantha, koma osabwerera m'mbuyo. Kwa ife amene tinazolowera atsogoleri olengeza chikhulupiriro chawo pamsonkhano uliwonse, n'zodabwitsa kuti uyu anapemphera chitseko chili chotseka, monga Mateyu 6 amalangizira, kwa zaka zonsezo.

Ku Ndola ankapita kukakumana ndi Moïse Tshombe, amene anapatula chigawo cha Katanga ku Congo, kuti nkhondo ya pakati pa asilikali ake ndi a United Nations ilekeke. Akanatha kutuma wina. Kafukufuku wa boma la chitaganya anati olakwa anali oyendetsa ndege, osalabadira umboni wa anthu akuda, kuphatikizapo ootcha makala, amene anati anaona ndege ina m'mwamba usiku umenewo. Mu 2017 a Mohamed Chande Othman, mkulu wakale wa makhoti ku Tanzania, anauza United Nations kuti n'kutheka ndithu kuti ndegeyo inachita kuukiridwa.

Mphotho ya mtendere ya Nobel anapatsidwa chaka chomwecho cha 1961, ali kale m'manda ku Uppsala. Paulendo womalizawo wa ku Congo anatenga buku la Thomas à Kempis lonena za kutsanzira Khristu, ndipo pakati pa masamba ake panapezeka kapepala kolembedwa lumbiro la udindo wawo.