JOHN MOIR NDI NYUMBA YA MANDALA

Mumzinda wa Blantyre ku Malawi muli nyumba yosanja imene inamangidwa m'caka ca 1882, ndipo anthu amaiyesa nyumba yakale koposa zonse zimene ziri ciimire m'dzikomo. Dzina lace ndi Mandala, ndipo dzinali linali la munthu lisanakhale la nyumba.

Munthuyo ndiye John William Moir, mwana wa sing'anga wa ku Edinburgh m'dziko la Scotland, amene anabadwa m'caka ca 1851. David Livingstone atamwalira m'caka ca 1873, anthu ambiri a ku Scotland anagwidwa mtima ndi ciphunzitso cace cakuti malonda a akapolo sadzatha msanga ngati palibe malonda ena abwino olowa m'malo mwace. Motero m'caka ca 1878 amalonda ena a ku Glasgow anayambitsa kampani imene pambuyo pace inadziwika ndi dzina lakuti African Lakes Company, naika John pamodzi ndi mphwace Frederick kuti aiyang'anire.

Nchito yao inali kufikitsa katundu wa amishoni ndi kugula minyanga ya njobvu. Katunduyo ankabwera pa sitima za pamadzi kudzera mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire kufikira kwa Katunga. Pakuti kumtunda kwace kuli mathithi, amtengatenga ankamsenza pamutu kukwera mapiri mpaka ku Matope, kumene madzi ayambanso kuyendeka. Blantyre anali pakati pa njirayo, ndipo nkona abale awiriwa anamanga likulu lao pomwepo. John ankabvala magalasi a maso amene ankanyezimira padzuwa, tsono anthu anamucha Mandala. Dzinalo linagwira nyumba yace, kampani yonse, ndi masitolo ace amene anafalikira kufikira m'dziko la Zambia.

Moyo wace sunali wa malonda okha. M'caka ca 1887 kunabuka nkhondo ku Karonga pakati pa kampani ndi Mlozi, wogulitsa akapolo amene ankasautsa Ankhonde, ndipo John ndi Frederick onse awiri analasidwa ndi zipolopolo. Mlozi anagonjetsedwa m'caka ca 1895 ndi asilikari a Harry Johnston. Koma mbiri yoona siibisa mbali inzace: John anayendera mafumu ambiri kuti acite nao mapangano, ndipo pambuyo pace kampaniyo inatenga malo akuru kumpoto kwa nyanja, nkhani imene inadandaulitsa eni nthaka zaka zambiri. Atasiya kampani anakalima ku Lauderdale m'tsinde mwa phiri la Mulanje, ndipo anamwalira m'caka ca 1940.

Cimene ciyenera kudabwitsa mphunzitsi ndi ici: nyumba ya Mandala siinamangidwe ndi miyala kapena simenti, koma ndi njerwa zouma padzuwa ndi matope, zoumbidwa ndi manja a anthu a konko. Khonde lalikuru lozungulira nyumbayo licinjiriza makoma ku mvula, ndipo m'zaka zonsezi simunasowe anthu ogwiramo nchito ndi okonza pamene paonongeka. Boma la Malawi linaiika m'gulu la zikumbutso za dziko, ndipo bungwe la Society of Malawi lisungamo mabuku ndi zithunzi zakale.

Nyumba yadothi imagwa pamene anthu aisiya. Pa mishoni zambiri ndi pa masukulu a kumidzi pali kanyumba koyamba ka mphunzitsi kapena ka mapemphero, kamene ciswe cikudya mitengo yace. Mphunzitsi amene adzasonkhanitsa ana kukazira makoma, kufolera denga, ndi kulemba m'buku maina a amene anaumba njerwa zace nkhalamba zikali moyo, adzasiyira mudzi wace mbiri imene ana angathe kuiona ndi maso ndi kuikhudza ndi manja.