Zerubabele: Mwana wa Mafumu Wopanda Mpando

Kwa zaka zoposa 400 mzinda wa Yerusalemu ndi banja la Davide zinali zosalekanitsika. Davide analanda linga la Ziyoni kwa Ayebusi, nalitcha mudzi wa Davide (2 Sam. 5:6-9), ndipo zidzukulu zake zinalamulira mumzindamo mibadwo yambiri. Koma m'chaka cha 597 B.C. Nebukadinezara anatenga mfumu Yehoyakini kupita naye ku Babulo, ndipo mu 586 B.C. ankhondo ake anatentha kachisi ndi nyumba ya mfumu, nagwetsa malinga. Kodi pangano la Mulungu ndi nyumba ya Davide linapsera m'moto umenewo? Moyo wa Zerubabele ukutithandiza kuyankha.

Zerubabele anali mdzukulu wa Yehoyakini. Dzina lake litanthauza mbewu ya Babulo, ndipo likutikumbutsa za dziko laukapolo kumene banja lachifumu linakhala. Agogo ake anatulutsidwa m'ndende m'chaka cha 37 cha ukapolo wawo, napatsidwa malo pagome la mfumu Evili-Merodaki (2 Maf. 25:27-30). Ofukula zakale anapeza ku Babulo mapale adothi amene atchula Yehoyakini mfumu ya Yuda ndi ana ake asanu pakati pa olandira mafuta kuchokera m'nkhokwe za mfumu. Chotero nyumba ya Davide inali ndi moyo ndithu, koma inali kudya za mwini m'dziko la eni.

Babulo atagwa mu 539 B.C., Koresi mfumu ya Perisiya analola Ayuda kubwerera kukamanga nyumba ya Yehova. Zerubabele, pamodzi ndi Yesuwa mkulu wa ansembe, anatsogolera khamu la anthu 42,360, osawerengera antchito awo (Ezara 2:2, 64, 65). Taganizirani mtima wake pamene anaimirira pamabwinja a nyumba ya makolo ake. Iye analowa mumzinda wa Davide monga kazembe wa dera laling'ono, woyankha kwa mfumu yachilendo. Ntchito yake yoyamba inali kumanganso guwa la nsembe pamalo ake akale, ndipo m'chaka chachiwiri anaika maziko a kachisi. Anthu ambiri anapfuula mokondwera, koma okalamba amene anaona kachisi wa Solomo analira mokweza mawu (Ezara 3:12, 13).

Mayesero sanachedwe. Adani a Yuda anapempha kumanga nawo, ndipo Zerubabele atakana, iwo analemba ganyu aphungu kuti alepheretse ntchitoyo. Manja a anthu analefuka, yense natembenukira kukongoletsa nyumba yake, kufikira chaka chachiwiri cha Dariyo, 520 B.C. Apa sitingabise kuti mtsogoleriyo nayenso anafunika kudzutsidwa. Koma pamene Hagai ndi Zekariya anamdzudzula ndi kumlimbikitsa, iye anamvera, osadzitukumula ndi magazi achifumu. Patangopita masabata atatu ndi masiku owerengeka chilankhulire Hagai, omanga anali pantchito (Hag. 1:1, 14, 15). Kazembe Tatinai anafunsa za chilolezo chawo, lamulo la Koresi linapezeka ku Akimeta, ndipo kachisi anatsirizika mu 515 B.C.

Tiyenera kusamala uthenga umodzi umene Zerubabele analandira. Yeremiya ananenera kuti Yehoyakini adzachotsedwa ngati mphete yosindikizira yovulidwa kudzanja lamanja la Mulungu (Yer. 22:24). Kupyolera mwa Hagai, Yehova analonjeza kuika mdzukulu wake monga mphete yoteroyo (Hag. 2:23). Chimene chinatayika mwa agogo chinabwezedwa mwa mdzukulu. Komabe Zerubabele sanavale korona, ndipo pambuyo pake palibe wa fuko la Davide amene anakhalanso pampando wachifumu wa Yerusalemu. Mafumu a banja la Amakabeo anali a fuko la ansembe, ndipo Herode anali wa ku Idumeya. M'nkhani ya kupatulidwa kwa kachisi dzina la Zerubabele silitchulidwa n'komwe (Ezara 6:16-18).

Ngakhale zinali choncho, mzere wa banjalo sunaduke. Ana ndi zidzukulu za Zerubabele alembedwa pa 1 Mbiri 3:19-24, ndipo pamene Ezara anakwera ku Yerusalemu mu 457 B.C. anali ndi Hatusi wa ana a Davide (Ezara 8:2). Mateyu ndi Luka onse awiri aika dzina la Zerubabele m'mibadwo ya Yesu (Mat. 1:12, 13, Luka 3:27), Mwana wa Davide amene analowa mumzinda womwewo atakwera pabulu.

Zerubabele anasunga ubale wa banja lake ndi Yerusalemu mwa kumanga nyumba ya Mulungu, pamene nyumba ya makolo ake inali bwinja. Ife kawirikawiri timafuna udindo poyamba ndi ntchito pambuyo. Kodi tingapitirize kusenza miyala mu mpingo mwathu ngati dzina lathu silidzatchulidwa pa tsiku lopatulira?