Mbusa John Chilembwe ndi Apolisi a Atsamunda

Kwathu ku Namitambo, m'boma la Chiradzulu, ndakula ndikumva mbiri ya Mbusa John Chilembwe. Iwo adapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, ndipo atabwerako mu 1900 adakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial ku Mbombwe. Poipidwa ndi thangata komanso kutengera anthu akuda kunkhondo ya azungu, adatsogolera anthu kuukira atsamunda pa 23 Januwale 1915. Pa 3 Febuluwale, akuthawira ku Mozambique, apolisi adawawombera n'kuwapha. Chimene chimandiwawa n'chakuti apolisiwo adali akuda anzawo, ongotumidwa ndi boma. Choncho ndikuona kuti wapolisi wokonda mbiri yakale ayenera kuyambira pamenepa, n'kudzifunsa kuti yunifolomu yakeyo ikutumikira yani.