Mai Cecile Steele: adaitanitsa anapiye 50, kudabwera 500

Anzathu a m'kalabu, mwezi wa Juni ndi Julaye ukafika kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, nkhani ya anapiye siichoka pakamwa. Munthu wagula bokosi la anapiye a tsiku limodzi, ayenda pa chapa tsiku lonse, pofika pakhomo ena afooka kale ndi chisanu. Nchifukwa chake ulendo uno tasankha mbiri ya mai wina wa ku America amene adatchuka chifukwa cha anapiye.

Mai Cecile Steele adabadwa m'chaka cha 1900. Ankakhala ku Ocean View, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Delaware. Amuna awo, bambo Wilmer Steele, ankagwira ntchito ya boma yolondera gombe. Maiwa ankaweta nkhuku zochepa za mazira, zongothandizira pakhomo basi.

M'chaka cha 1923 adaitanitsa anapiye 50 kwa woswetsa mazira wa ku Dagsboro, tauni yoyandikana nayo. Koma kudachitika kulakwitsa, ndipo kudabwera anapiye 500. Ambiri a ife tikadangobweza. Iwo sadabweze.

Apa tiimepo kaye, poti mpamene padagona vuto. Mwanapiye akatsala pang'ono kuswa, mbali yachikasu ya dzira ija imalowa m'mimba mwake, ndipo imamudyetsa kwa masiku pafupifupi atatu. Nchifukwa chake kuyambira 1918 a positi ku America adayamba kulola kutumiza anapiye a tsiku limodzi m'mabokosi, opanda chakudya kapena madzi. Njala sikwenikweni imene imapha mwanapiye wa paulendo. Chimapha ndi chisanu, chifukwa katsitsi kamene amabadwa nako sikasunga kutentha mpaka nthenga zenizeni zitamera. Kwa thadzi zinthu nzosavuta, limangowafungatira. Nanga anapiye 500 opanda make?

Mai Steele adawaika m'kanyumba ka matabwa, kotalika mamita pafupifupi 5 mbali zonse, nkuikamo chitofu cha malasha. Chitofu chija ndicho chidakhala thadzi. Zimene mwanapiye ankafuna nthawi imeneyo ndi zomwezo mpaka lero. Sabata yoyamba kutentha kukhale madigiri 32 mpaka 35, kenaka muzichotsako pafupifupi 3 sabata iliyonse. Ngati mulibe choyezera, anapiyewo akuuzani okha: akaunjikana pamoto uku akulira, ndiye kuti azizidwa, akathawira kumakoma atatsegula kukamwa, kwatentha, akamwazikana bwinobwino nkumadya, zili bwino. Akangofika, yambani ndi madzi ofunda pang'ono othira shuga pang'ono, muviike kamlomo ka aliyense, chakudya pambuyo. Ndipo inu a mbaula, musatseke chipinda chonse ndi masaka. Mpweya wa makala umapha anapiye, ngakhalenso munthu wogona momwemo.

Patatha masabata 18, nkhuku 387 zidali zamoyo. Zina 113 zidafa, zimenezo tisabise. Koma kwa munthu amene adakonzekera 50 zokha, ife tikuti adayesetsa. Adazigulitsa ngati nkhuku za nyama, pamtengo wa masenti 62 pa paundi, ndiye kuti pang'ono kuchepera theka la kilo. Udali mtengo wabwino kwabasi. Masiku amenewo nyama ya nkhuku idali yosowa, anthu ankangodya mathadzi otopa kuikira ndi atambala otsala, choncho nkhuku yanthete idali ndi msika m'mizinda ikuluikulu monga New York.

Chaka chotsatira adaitanitsa anapiye 1,000, tsopano mwadala. Pofika 1926 adali ndi makola okwana nkhuku 10,000, ndipo bambo Steele adasiya ntchito ya boma kuti athandizane ndi akazi awo. Oyandikana nawo ataona adayamba kutengera, moti pofika 1928 alimi mazanamazana a dera limenelo ankaweta nkhuku za nyama. Mpaka lero boma la Sussex, kumene kuli Ocean View, lili m'gulu la maboma oweta nkhuku za nyama zambiri ku America konse. Nchifukwa chake maiwa amatchedwa woyambitsa ulimi wa nkhuku za nyama ngati bizinezi. Pambuyo pake amuna awo adasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Delaware.

Chumacho sadachidyerere nthawi yaitali. Mu Okutobala 1940 banjali lidapita kokasangalala panyanja pa boti lawo. Botilo lidaphulika ndipo onse awiri adamwalira. Mai Steele adali ndi zaka 40 zokha.

Limodzi mwa makola awo oyambirira adalisamutsira ku Georgetown, m'boma lomwelo la Sussex, ndipo m'chaka cha 1974 lidalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko la America. M'chaka cha 1983 dzina lawo lidaikidwa pamndandanda wa amai olemekezeka a ku Delaware.